Mau Akale Ndi Mboni, Si Oweruza

M'chaka cha 1851, mbusa wina wa mpingo wa Anglican, dzina lake Richard Chenevix Trench, adatulutsa kabuku kotchedwa "On the Study of Words", kofotokoza kumene mau a Chingerezi adachokera ndi m'mene matanthauzo ao adasinthira m'kupita kwa zaka. Kabukuka kadabadwa m'maphunziro amene iye adapereka kwa achinyamata ophunzira ntchito ya uphunzitsi ku Winchester, m'dziko la England, ndipo kadakondedwa kwambiri kotero kuti kadasindikizidwa kaŵirikaŵiri. Mwini wakeyo adakwera pa udindo mpaka kukhala Arkiepiskopi wa Anglican wa ku Dublin m'chaka cha 1864, namwalira mu 1886. Lero ndi oŵerengeka amene amakatsekula kabukuka, komabe maganizo ake akali moyo pakamwa pa aphunzitsi, alaliki ndi onse okonda kuyamba chiphunzitso ndi mau akuti, "Tanthauzo lenileni la liu ili ndi lakuti..." Tsono ife amene ana athu amakula ndi Chingerezi kusukulu, tingapindule poona chimene Trench adakhoza, ndi pamene adaphonya.

Chiphunzitso chake chachikulu nchakuti liu si phokoso chabe lotuluka pakamwa, koma lili ngati nkhokwe imene makolo adasungamo mbiri yao, nzeru zao ndi makhalidwe ao, ngakhale adzukulu ogwiritsa ntchito liulo sadziŵa zimene zili m'kati. Apa Trench adanena zoona, ndipo aliyense angadziyesere yekha njira imeneyi. Titenge liu lakuti "lord", limene limamasulira Ambuye kapena mfumu. Zaka chikwi zapitazo Angerezi ankati "hlafweard", ndiye kuti mlonda wa mkate. Nalo liu lakuti "lady", dona wolemekezeka, lidali "hlaefdige", wokanda mkate. Ukulu wa munthu unkayesedwa ndi chakudya chimene ankapatsa anthu a pakhomo pake. Liu lina limene masiku ano silimvekanso kaŵirikaŵiri, "Lammas", limachokera ku muzu womwewo: lidali Misa ya mkate, ya pa 1 Ogasiti, pamene alimi ankabwera kutchalitchi ndi mkate wa tirigu woyamba kucha.

Mau ambiri a mtundu umenewu amakumbukira nthaŵi imene England yense adali m'chikhulupiriro chimodzi. Mkanda pa Chingerezi ndi "bead", koma poyamba liuli linkatanthauza pemphero. Popeza anthu ankaŵerenga mapemphero ao pa timikanda ta Korona, dzina la pemphero lidasamukira pa kanthu kogwira m'manja, ndipo lero wogulitsa mikanda pamsika sadziŵa kuti malonda ake amatchedwa ndi dzina la pemphero. "Goodbye" ndi chidule cha mau ofunira mnzako kuti Mulungu akhale naye, ndipo "holiday", tchuthi, lidali tsiku loyera. Palinso liu lakuti "tawdry", lonena za chinthu chonyezimira koma chachabechabe. Limachokera ku dzina la Audrey Woyera, amene amatchedwanso Etheldreda, mai mkulu wa nyumba ya asisiteri ku Ely, amene adamwalira mu 679 atadwala chotupa cha pakhosi. Pamsika wa chikondwerero chake ankagulitsa tinsalu tokongoletsa khosi totchedwa ndi dzina lake, ndipo m'mene tinsaluto tidayamba kutchipa ndi kupeputsidwa, dzina la woyera lidasanduka chitonzo. Chimodzimodzinso "bedlam", phokoso ndi chisokonezo: ndi dzina la Bethlehem lofupikitsidwa, chifukwa nyumba ya amonke ya Maria Woyera wa ku Bethlehem, yomangidwa mu London m'chaka cha 1247, pambuyo pake idasanduka chipatala cha odwala misala.

Amene walaŵapo kukoma kwa nkhani zotere amamvetsa chifukwa chake kabuku ka Trench kadakopa anthu ambiri. Komatu mphatso yake yaikulu sinali kabukuka ai. Mu 1857 iye adalankhula pamaso pa bungwe la Philological Society ku London za zopereŵera za madikishonale a Chingerezi a nthaŵi imeneyo. Adati wolemba dikishonale ndi wolemba mbiri, osati wosankha mau amene akumukomera, ndipo liu lililonse liyenera kulondoledwa kuchokera pamene lidayamba kulembedwa, ndi zitsanzo za m'mabuku a mibadwo yonse. M'maganizo ameneŵa mudatuluka dikishonale yaikulu ya Oxford, imene gawo lake loyamba lidatuluka mu 1884 motsogozedwa ndi James Murray, ndipo ntchito yonse idatha mu 1928. Anthu ambirimbiri odzipereka ankaŵerenga mabuku akale nkumatumiza timapepala tolembapo liu, chiganizo chimene liulo lapezekamo, ndi chaka chake. Pajatu akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Chodabwitsa nchakuti umboni umene udasonkhanitsidwa mwa njira ya Trench ndi womwewo umene lero umatithandiza kutsutsa zina mwa zimene iye adaphunzitsa.

Pakuti Trench sadalekere pa kufotokoza mbiri, adafunanso kuweruza. M'chigawo chake chonena za makhalidwe obisika m'mau, adasonyeza kuti mau ambiri amene kale adali osalakwa adagwa nkukhala oipa, ndipo adati kugwa kumeneku ndi chizindikiro cha kugwa kwa munthu m'tchimo. Zitsanzo zake nzoona. "Knave", tambwali, poyamba adali mnyamata chabe, monga "Knabe" pa Chijeremani mpaka lero. "Villain", chigaŵenga, adali mlimi wa pa munda wa mwinimalo. "Boor", munthu wamwano wosadziŵa ulemu, adalinso mlimi. "Churl", woumira ndi waukali, adali mfulu wamba. Ndipo chomvetsa chisoni kopambana ndi "silly", chitsiru: kale lidali "saelig", wodala. Liuli lidayenda pang'onopang'ono kuchoka pa wodala kufika pa wosalakwa, kenaka womvetsa chisoni, kenaka wofooka, ndipo podzafika zaka za m'ma 1500 lidali litayamba kutanthauza wopusa. Pa Chijeremani mbale wake, "selig", akali ndi ulemu wake, ndipo ndilo liu limene Akatolika a kumeneko amatchulira amene Mpingo waŵalengeza kuti ndi Odala.

Mkhristu aliyense amavomera kuti mtima wa munthu udapotoka, ndipo palibe chachilendo ngati kupotokako kwasiya mapazi m'chilankhulo. Koma funso nali: kodi mbiri ya mau ikuchitiradi umboni zimene Trench akufuna kuti ichitire? Pali zifukwa zokayikira.

Choyamba, mau samangogwa okha, amakweranso. Trench adavomera zimenezi pa mau amene Chikhristu chidaŵakweza, monga "angel", amene pa Chigriki adali wamthenga wamba, ndi "martyr", amene adali mboni ya pa mlandu. Koma alipo ena ambiri amene adakwera popanda ulaliki uliwonse. "Nice", chokoma kapena chabwino, lidachokera ku Chilatini "nescius", wosadziŵa kanthu, ndipo m'zaka za m'ma 1300 kutchula munthu motero kudali kumunena kuti ndi mbuli. "Marshal", mkulu wa asilikali, adali wosamala akavalo. Chitsanzo chomveka bwino koposa ndi cha mapasa aŵiri, "knave" ndi "knight". Onse aŵiri poyamba ankatanthauza mnyamata kapena wantchito. Wina adatsika nkukhala tambwali, wina adakwera nkukhala msilikali waulemu wa mfumu, amene lero dzina lake limayamba ndi "Sir". Nanga tchimo lidagwira wina nkusiya mnzake bwanji? Yankho lili pa mbuye amene aliyense ankamutumikira ndi ntchito imene ankagwira: wina ankanyamula lupanga pambali pa mfumu, wina ankatsuka mbale kukhitchini. Chomwechonso "queen", mfumukazi, ali ndi mbale wake woiŵalika, "quean", liu losamvekamveka lotanthauza mkazi wopanda khalidwe. Onse aŵiri adaphuka pa muzu umodzi wotanthauza mkazi.

Apa tafika pa chifukwa chachiŵiri, chimene ndicho phata la nkhani yonse. Tikandandalika mau amene adagwa, tiona kuti sadagwe mwachisawawa. Ambiri mwa iwo ndi maina a alimi, a antchito, a anthu a kumudzi ndi a akazi. "Villain" adaloŵa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, chilankhulo cha olamulira amene adagonjetsa England mu 1066, ndipo dzina la wolima minda yao ndilo lidasanduka dzina la munthu woipa. "Boor" ndi mbale wa "boer" wa Chidatchi, dzina lomwe lija la azungu olima a ku South Africa, ndipo ndi mbalenso wa mbali yachiŵiri ya liu lakuti "neighbour", mnansi, lomwe lidali wokhala pafupi. Muzu womwewo udasunga ulemu pamene unkanena za woyandikana naye, koma udanyozeka pamene unkanena za mlimi woonedwa ndi maso a anthu a m'tauni. "Hussy", mkazi wadama, ndi "housewife" wofupikitsidwa, mai wapanyumba. "Wench" adali mwana. Ndipo "gossip", miseche kapena wamiseche, lidali "godsibb", wachibale mwa Mulungu, ndiye kuti bambo kapena mai wa ubatizo. Pambuyo pake linkanena za bwenzi lapamtima, makamaka amai obwera kudzakhala ndi mnzao pa nthaŵi yobereka, ndipo kuchokera pamenepo lidafika pa mkazi wolongolola. Ubale wopatulika wa pa ubatizo udasanduka chitonzo utangogwera m'manja mwa akazi.

Tsono mau ameneŵa akuchitiradi umboni za tchimo, koma tchimo lake lili ndi dzina ndiponso mwini. Si mlimi amene adaipa kotero kuti dzina lake lidanunkha. Ndi wodya za mlimiyo amene adamunyoza, ndipo popeza iyeyo ndiye adali ndi cholembera, bwalo la milandu ndi sukulu, kunyoza kwake kudaloŵa m'dikishonale. Ngakhale kugwa kwa "silly" kukusimba za maso a woyang'ana, amene amaona munthu wofatsa wosabwezera nkumuyesa chitsiru. Tisamunamize Trench: sadali wakhungu pa zimenezi, ndipo m'zolemba zake zina adavomera kuti anthu apamwamba, amene adali ndi mphamvu pa chilankhulo, ndiwo adapachika makhalidwe oipa pa dzina la mlimi. Koma mfundo imeneyi adaisiya pambali ngati nkhani yaing'ono, pamene ikadayenera kukhala mzati wa phunziro lake. Nkwapafupi kuuza ophunzira kuti anthu onse ngochimwa, chifukwa palibe amene amakwiya nazo. Nkovuta kuŵauza kuti mau amene akuphunzira kuti akhale aphunzitsi olemekezeka ali ndi zipsera za m'mene olemekezeka adachitira ndi makolo ao osauka.

Chifukwa chachitatu chikukhudza chizoloŵezi chimene oŵerenga mabuku otere amatengera, chomaganiza kuti tanthauzo lakale ndilo loona, ndipo latsopano ndi lolakwika. Msampha umenewu uli kale m'dzina la phunziroli, pakuti "etymology" limachokera ku liu la Chigriki lotanthauza choona. Komatu tanthauzo la liu ndi limene olankhula ndi omva agwirizana lero. Munthu amene angatchule mnzake "silly" nkumati wamudalitsa, adzapeza kuti mbiri ya mau siletsa ndeu. Mpingo womwe umadziŵa zimenezi. Kwa zaka mazana ambiri Akhristu olankhula Chingerezi ankatchula Mzimu Woyera kuti "Holy Ghost", chifukwa "gast" wakale adali mzimu kapena mpweya wa moyo. Koma m'mene liu lakuti "ghost" lidatsalira pa mzukwa, mabuku a Misa a Chingerezi a m'zaka za m'ma 1970 kudza mtsogolo adasankha "Holy Spirit". Sadaumirire pa chakale, chifukwa pemphero liyenera kumveka kwa wopemphera.

Izi sizikutanthauza kuti kudziŵa matanthauzo akale nkopanda ntchito. Ntchito yake ndi yotithandiza kumva bwino anthu akale, osati kudzudzula amoyo. Woŵerenga Baibulo la King James la mu 1611 adzasokera akapanda kudziŵa kuti m'menemo "prevent" ndi kutsogola, "let" nthaŵi zina ndi kuletsa, "conversation" ndi mayendedwe a munthu, ndipo "meat" ndi chakudya cha mtundu uliwonse. Liu lakuti "worship", limene lero limatanthauza kupembedza Mulungu, kale lidali "weorthscipe", ulemu woyenera munthu molingana ndi udindo wake. M'mwambo wakale wa ukwati wa ku England mwamuna ankagwiritsa ntchito liu lomweli polonjeza kulemekeza mkazi wake, ndipo tanthauzo limenelo likali moyo m'mabwalo a milandu a kuno kwathu, m'mene majisitireti amatchedwa "Your Worship" popanda wina kuganiza kuti akupembedzedwa. Wodziŵa zimenezi akapeza m'buku lakale kuti Akhristu ankapereka "worship" kwa anthu oyera, sathamangira kuŵaimba mlandu wopembedza mafano.

Chatsala chifukwa chachinai, ndipo ndi chimene ife a ku Africa sitingachilumphe. Trench ankakhulupirira kuti zilankhulo za mitundu imene iye ankaitcha yosatukuka ndi mabwinja a zilankhulo zimene kale zidali zapamwamba, ndipo umphaŵi wa mau ao ndi umboni wa kugwa kwao. Pofuna kutsimikiza zimenezi adatenga chitsanzo m'buku la mu 1842 la Robert Moffat, mmishoni wa ku Kuruman amene adali mpongozi wa David Livingstone. Adati Atswana kale adali ndi liu lakuti "Morimo" lonena za Wakumwamba, koma liulo lidazimirira pamodzi ndi ganizo lake, nkungotsala pakamwa pa okalamba oŵerengeka ndi pa asing'anga oitana mvula. Trench sadadziŵe Chitswana. Adaweruza mtundu wonse potsamira pa mboni imodzi, mlendo. Iye amene ankafuna kuti liu lililonse la Chingerezi lilondoledwe ndi zitsanzo za mibadwo yonse, adakhutira ndi nkhani imodzi pa chilankhulo cha eni ake. Ndipo mbiri idamuyankha. Mu 1857, chaka chomwe Trench ankalankhula za madikishonale ku London, Moffat adamaliza kusindikiza Baibulo lonse m'Chitswana, ndipo dzina la Mulungu m'Baibulomo lidali lomwe lija ankati lidafa. Lero limalembedwa kuti "Modimo", ndipo Atswana amalitchula tsiku ndi tsiku m'mapemphero ao. Chilankhulo chimene chidatha kusenza Baibulo lonse, kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso, sichinali bwinja.

Motero munthu amene adatiphunzitsa kuona m'mene dzina la mlimi lidaipitsidwira ndi anthu apamwamba, adachita chomwecho kwa mitundu yakutali. Si chifukwa chakuti adali woipa mtima kuposa anzake. Adali mwana wa nthaŵi yake, ndipo kunyoza kumene munthu wakula nako sakuona, monga momwe saonera nkhope yake popanda kalilole. Ndiye chifukwa chake kabukuka nkoyenera kuŵerengedwa, koma osati kumezedwa kosatafuna.

Phunziro limeneli silikutha ndi Angerezi. Agogo athu amakumbukira nthaŵi ya atsamunda, pamene bambo wa imvi wogwira ntchito m'nyumba ya mzungu ankaitanidwa kuti "boyi", ndipo imeneyo ndi njira yomwe ija idatsitsa "knave". Koma nafenso tili ndi athu. Kodi liu lakuti "wachimidzi" limatanthauzanji pakamwa pa mwana wokulira m'tauni? Mudzi ndi kumene kuli manda a makolo, ndi kumene kumachokera chimanga chimene a m'tauni amadya, komabe tayamba kutchula dzina lake pofuna kunena kuti chinthu nchotsalira kapena munthu ndi mbuli. Ngati chizoloŵezichi chipitirira, wolemba dikishonale ya Chicheŵa zaka mazana aŵiri zikubwerazi adzalemba kuti liuli kale linkanena za munthu wa kumudzi chabe, ndipo woŵerenga wanzeru adzafunsa funso lomwe tafunsa za "villain": adalinyozetsa ndani? Makolo adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Mau sasintha pa msonkhano wa akatswiri. Amasintha pakhomo, pa nthaŵi ya chakudya, m'mene bambo amatchulira wantchito wake, m'mene ana amasekera mlendo wochokera kumudzi, m'mene amuna amanenera za kucheza kwa akazi ao. "Gossip" sadagwe tsiku limodzi. Adagwa chifukwa anthu ambiri, mibadwo ingapo, ankalitchula ndi kamwano pang'ono, aliyense nkumaganiza kuti palibe chimene walakwa. Tsono inu makolo, mwana akabwera kuchokera kusukulu ndi liu lachilendo la Chingerezi, mlimbikitseni kuti afufuze kumene lidachokera, pakuti m'menemo muli chuma chenicheni, ndipo pa chimenechi Trench ayenera kuthokozedwa. Koma akapeza kuti liu lonyoza kale lidali dzina la mlimi, la mwana kapena la mai wapanyumba, mfunseni kuti aganize za amene ankanyozedwayo, kenaka amvetsere bwino mau amene akutuluka m'nyumba mwanu momwemo.